Jinzi yoyamba kundikwana: ndemanga pa ntchito ya telala wa pamsika wa Ulongwe

Yatha miyezi isanu ndikuvala jinzi imeneyi, ndipo ndaichapa kambirimbiri, choncho tsopano ndingathe kunena momwe ntchitoyo inayendera. Ndine wamtali mamita 1.93 koma chiuno changa ndi mainchesi 30 basi. Amuna a thupi ngati langa vutoli akulidziwa. Buluku likakwana m'chiuno, miyendo yake imathera pamwamba pa akakolo. Likafika pansapato, m'chiuno mumatsala malo aakulu, ndiye ukamanga lamba nsalu imakwinyika ngati kukamwa kwa thumba la mbatatesi. Kuno ku Angonia, m'dziko la Mozambique, si nkhani ya maonekedwe okha ayi. M'miyezi ya June ndi July ndimadzuka mbandakucha kupita ku minda ya cha ku Domue pa njinga yamoto, ndipo ukakhala panjinga buluku limakwera, mphepo n'kumamenya akakolo mpaka mafupa kuwawa.

Ndinayesapo m'masitolo a mumzinda wa Tete. Ndinaoloka mlatho wa Samora Machel tsiku lina lotentha kwambiri n'kuzungulira mpaka madzulo. M'masitolo omwe ndinalowamo majinzi anali ndi nambala imodzi yokha, 38, 40 kapena 42, yonena za chiuno, pomwe kutalika kwa miyendo kunali kofanana pafupifupi onse. Ndinabwerako chimanjamanja.

Amene anandithandiza ndi telala wina wachikulire yemwe amasoka pakhonde chakumapeto kwa msika wa Ulongwe, tawuni ya kuno ku Angonia, pa makina a Singer opalasa ndi mapazi. Ndinamutengera buluku langa lakale kuti alitalikitse. Anatembenuza mpendero, n'kundionetsa kuti nsalu yopindidwamo sikukwana ngakhale chala chimodzi.

"Achimwene, apa palibe chomwe ndingachite," anatero. "Nsalu yomwe kulibe sindingailenge. Inu kagulenitu lalitali, la chiuno musade nalo nkhawa. Chiuno ndiye ntchito yanga."

Ndinafunsa kuti, "Nanga abambo, likhale lalikulu bwanji?"

Anati lisapitirire mainchesi awiri kapena atatu pa muyezo wanga, chifukwa ukachepetsa kwambiri matumba akumbuyo amayandikana ndipo buluku limaoneka lopotoka.

Ndinayamba kufunafuna pa kaunjika, amene ena kuno amati kalamidadi. Majinzi ambiri obwera m'mabelo ali ndi nambala ziwiri, monga zimene zimalembedwa pa kachikopa kakumbuyo kwa Levi's: W ndi chiuno, L ndi kutalika kwa mwendo, zonse m'mainchesi. L amayeza kuchokera pomwe misoko imakumana pakati pa miyendo kukafika kumpendero. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, kotero L36 yomwe ine ndimafuna ndi masentimita 91 ndi kakang'ono. Pamulu ndinkangopeza L30 ndi L32, apo ndi apo L34. Ndinapita katatu pa masiku otsegula belo ndisanapeze yanga.

Langizo langa n'lakuti muzitenga tepi yoyezera. Nambala yolembedwa simungaidalire pa chovala chomwe wina anavalapo. Jinzi ina inalembedwa L36 koma nditayeza inali masentimita 84, chifukwa mwini wake woyamba anaidula. Mukayang'ana mpendero mumadziwa. Wochokera ku fakitale umakhala ndi timizere toyera tokwera n'kutsika pomwe utoto unasuluka, pomwe wosokedwanso umakhala wosalala ndi wa mtundu umodzi. Ubwino wa kaunjika n'ngwakuti nsalu ya thonje inachapidwa kale n'kufupika, ndiye muyezo womwe mwapeza pamsikapo sudzasinthanso kunyumba.

Yomwe ndinapeza inali W32 L36, yabuluu wakuda, thonje lokhalokha. Mayi wogulitsayo anayambira pa mametikali 600, tinagwirizana 450.

Ntchito ya telalayo ndiyo ndikufuna kuiyamikira kwambiri. Atelala ena omwe ndinapitako kale ankangopinda nsalu m'mbali n'kusokapo, n'kusiya timapewa tiwiri tomwe timakukanda m'chiuno tsiku lonse. Awa sanatero. Anandiveka jinziyo, n'kugwira nsalu yotsala kumbuyo ndi mapini, kenako anandiuza ndikhale pabenchi kuti aone ngati sikundithina ndikakhala. Atalemba ndi choko, anatenga lezala n'kumasula kansalu kodutsamo lamba kapakati, kenako chiuno cha buluku cha kumbuyo, ndi msoko wotsika pakati pa matumba. Anachotsa masentimita asanu n'kubwezera zonse m'malo mwake. Ndinabwerera tsiku lachiwiri ndipo ndinawapeza ataika msokowo pa kachitsulo akuumenya ndi nyundo pang'onopang'ono. Anati pomwe nsalu zakumana zinayi kapena kuposa, singano imathyoka ukapanda kuphwatalitsa kaye, ngakhale ikhale ya nambala 18. Miyendo anaichepetsanso kuyambira m'ntchafu kutsika, koma pabondo anasiyapo malo kuti ndizitha kupinda mwendo panjinga. Mpendero sanaukhudze n'komwe.

Zonsezi anandilipiritsa mametikali 200. Kunena chilungamo, ntchito yomwe ndinaona ndi maso angayi inaposa mtengowo.

Zolakwika zilipo ziwiri. Anandilonjeza Lachisanu koma ndinaitenga Lolemba, poti mayunifolomu a ana a sukulu anali atawachulukira. Chachiwiri, ulusi wawo ndi wachikasu chowala kuposa wa ku fakitale, womwe umapendekera ku mtundu wa lalanje. Wina akayang'anitsitsa kumbuyo angaone kusiyana kwake, ngakhale tsopano kwayamba kuzilala ndi kuchapa. Ngati zimenezi zimakuvutitsani, gulani nokha ulusi wofanana n'kuwapatsira. Kansalu ka lamba kaja kanasomoka mbali imodzi patatha mwezi, koma anakasokanso pomwepo ndikudikira, osafuna ngakhale metikali imodzi.

Lero jinziyi imakhala m'chiuno popanda lamba. Ndikaima imagwa bwino pansapato, ndikakwera njinga imaphimbabe akakolo. Msoko wakumbuyo sunasunthe ngakhale ndimadutsa nayo m'misewu yamabampu tsiku ndi tsiku. Ndimaichapa ndi madzi ozizira nditaitembenuza, n'kuiyanika pamthunzi, ndipo utoto ukadalipo.

Mayi wa kaunjika uja ndinamusiyira kachingwe kotalika masentimita 91 kuti aziyezera akatsegula belo. Sabata yatha ananditumira uthenga pa WhatsApp kuti wasunga yakuda, W33. Loweruka ndikaitenga n'kupita nayo pakhonde lomwe lija, ulendo uno ndi ulusi wanga m'thumba.