Maphunziro a emotional intelligence a masupavaiza: mmene ndinawaonera

Abwana anatitumiza ife masupavaiza a m'fakitale ku maphunziro a emotional intelligence (luso lozindikira ndi kugwira mtima wako komanso kumvetsa mmene anzako akumvera), omwe kampani ina yophunzitsa anthu ntchito inachititsa pa hotela ina mu Blantyre. Aliyense amene ali ndi anthu pansi pake apite ndithu, ngakhale gawo limodzi silinandifike pamtima.

Mphunzitsi wake, mayi wofatsa koma wodziwa zinthu, sanachedwe ndi mbiri. Anangoti nkhaniyi anaifotokoza koyamba mwaukatswiri ndi Peter Salovey ndi John Mayer mu 1990, Daniel Goleman n'kudzaitchukitsa mu 1995, basi n'kutiimiritsa tonse.

Phindu linali apa. Anatigawa awiriawiri, wina bwana, wina wantchito wokonda kuchedwa. Mnzanga anaweramitsa mutu, manja kumbuyo, n'kumangoti, "Pepani bwana, sizichitikanso." Mayi aja anatidula: kupatula mawuwo, mwaonapo chiyani? Anatiuza kuti timupatse mpando kaye munthuyo, timufunse za kunyumba, ndipo akakhala chete ifenso tidikire, tisamuyankhire. Titabwereza, mnzanga uja anatulutsa za mwana wodwala amene amayamba wakamusiya kwa agogo ake ku Ndirande asanakwere minibasi. Zinali zongoyeserera, komatu tonse tili nawo anthu otere pa shifiti. Kwathu kuno wamng'ono sauza wamkulu pamaso kuti wakhumudwa. Amavomera ndi pakamwa mtima uli kwina, mawa lake ntchito n'kuyamba kuyenda mokoka. Mayiwa izi amazidziwa bwino, ndipo n'zimene anatsindika kwambiri.

Chomwe sichinandikhutiritse ndi mmene anagwiritsira ntchito mafunso oyezera emotional intelligence otchedwa EQ-i 2.0, ochokera pa ntchito ya katswiri wa za maganizo Reuven Bar-On. Alipo 133, ndipo munthu umadziyankhira wekha za mmene umaugwirira mtima, mmene umakhalira ndi anzako komanso mmene umapiririra zinthu zikathina. Nanga supavaiza wolusa, amene sadziona, adzipatsa malikisi otani? Ulipo mtundu wina, EQ 360, womwe anthu ogwira nawe ntchito amakuyankhiranso, koma okonza maphunzirowa sanauikepo, ndipo zotsatira zathu anangotipatsa m'maenvulopu popanda wokhala nafe pansi mmodzimmodzi. Mapepala owerenga nawonso anali m'Chingerezi chokhachokha, zitsanzo zake za m'maofesi akunja, moti mafolomani achikulire ankangowatembenuza.

Ngati kampani yanu ikufuna kulipira maphunziro oterewa, funsani kaye ngati mphunzitsi adzabwerenso kudzaona masupavaiza ali pa ntchito, komanso ngati zoyeserera zija angazichititse m'Chichewa.