Jik pa nkhungu ya pansi pa AC: pomwe imathandiza ndi pomwe imapusitsa

AC (makina oziziritsa mpweya m'chipinda) ikayamba kudontha, khoma la pansi pake limada ndi nkhungu, ndipo ambiri amathamangira botolo la Jik. Jik wamba amakhala ndi mankhwala a kolorini otchedwa sodium hypochlorite okwana 3.5 peresenti. Pa matailosi, galasi, pulasitiki ndi khoma la penti ya oyilo amagwira bwino kwambiri, komanso sakwera mtengo. Sungunulani kapu imodzi ya Jik m'makapu 10 a madzi ozizira. Yambani mwatsuka malowo ndi sopo ndi bulashi, tsukuluzani, kenako pakani Jik, dikirani mphindi 10, pukutani ndi kuumitsa. Mukadumpha sopo, Jik amathera mphamvu pa fumbi ndi litsiro asanafike pa nkhungu.

Pa siling'i ya bolodi, thabwa losapaka vanishi, kapeti ndi matiresi, Jik amapusitsa. Amayeretsa banga pamwamba, munthu n'kuganiza kuti zatha, chonsecho nkhungu yalowerera m'kati momwe mankhwalawo safika, ndipo madzi omwe mwathirawo angowonjezera chinyezi. Bolodi yomwe yafewa kapena kufufuma, dulani muikepo ina. Kupaka penti pamwamba pa banga n'kuwononga ndalama, chifukwa imatukusira n'kuyamba kusupuka.

Musayerekeze kupopera Jik m'kati mwa AC. Tizitsulo topyapyala ta koyilo (chigawo chozizira cha m'kati mwa AC) ndi ta aluminiyamu, mapaipi ake ndi a kopa, ndipo kolorini amadya zonsezi. Koyilo ili ndi mankhwala akeake otsukira.

Chachikulu n'chakuti nkhungu imamera pa malo omwe akhala onyowa kwa tsiku limodzi kapena awiri okha, choncho kutsuka khoma AC ikudonthabe n'kutunga madzi ndi dengu. Madzi a AC amachokera mu mpweya wa m'chipinda: amasanduka mame pa koyilo yozizira, amagwera m'kathireyi, n'kutuluka panja kudzera m'kapaipi. Kawirikawiri kapaipiko katsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi ndere, kapindika, kapena anakaika kosatsetsereka. Zimitsani magetsi, tsegulani chivundikiro, thirani pang'onopang'ono theka la lita la madzi m'kathireyimo, wina akaone panja. Madziwo akapanda kutuluka, kokani litsirolo kunja ndi vacuum yokoka madzi. Sefa za mpweya za mu AC zikadzadza fumbi, koyilo imachita ayisi, ndipo ayisiyo akasungunuka kathireyi kamasefukira. Muzitsuka sefa pakatha masabata awiri alionse nthawi yotentha. Ayisi akamabwererabe sefa zili zoyera, mwina gasi woziziritsa wa mu AC wachepa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri. Onaninso chinkhupule chokulunga mapaipi a kopa: chikang'ambika, paipi imachita thukuta m'khoma kapena m'siling'i momwe simukuona.

Fungo la Jik ndi lamphamvu, ndipo limavutitsa odwala mphumu. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, masiki ya N95 ndi zoteteza maso, ana atuluke. Musamusakanize ndi viniga, mankhwala otsukira m'chimbudzi kapena chilichonse chokhala ndi amoniya, chifukwa pamatuluka mpweya wapoizoni. Jik wosungunulayo mugwiritse ntchito tsiku lomwelo, poti amafooka msanga, ndipo botolo muliike pamthunzi.

Banga likaposa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, kapena fungo la chuku likamatuluka mu AC momwemo mukangoyatsa, Jik sakwanira. Itanani mmisiri amasule makinawo, atsuke koyilo, kathireyi ndi fani ya m'kati mwake.