Maulosi a mpira wa m'mayunivesite a ku America: odalirika ndi ati, oyenera kuwalipirira ndi ati?

Chaka chilichonse mwezi wa Julaye ukamapita kumapeto, anzanga amene anayamba kutsatira mpira wa m'mayunivesite a ku America (American football, osati mpira wamiyendo) chifukwa cha ine amandifunsa funso lomwelomwelo: pa maulosi onse amene amatuluka ligi isanayambe, ndi ati amene munthu angawadalire, nanga alipo oyenera kuwatulutsira ndalama m'thumba? Ndakhala ndikuwayankha mmodzimmodzi pa WhatsApp, ndipo ndaona kuti n'kwabwino ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere. Ndineneretu kuti ine ndimachemerera Florida State, timu ya ku Tallahassee kumene ndinachita maphunziro anga, ndipo zonse zimene ndinene pano ndaziyeza ndi chaka cha 2024, chimene bala lake silinapolebe mumtima mwanga.

Kuti mumvetse chifukwa chimene tinalowera m'chaka chimenecho mitima ili m'mwamba, muyenera kukumbukira za 2023. Timu ya mphunzitsi Mike Norvell inapambana masewero onse 13, kuphatikizapo omaliza a ACC, ligi imene timu yathu imasewera, pamene inagonjetsa Louisville 16-6, koma komiti yosankha matimu anayi olimbirana chikho cha dziko lonse inaisiya kunja n'kutenga Alabama, imene inali itagonjako kamodzi. Chifukwa chimene anapereka chinali chakuti quarterback wathu (wosewera woponya mpira amene amatsogolera timu pofuna zigoli), Jordan Travis, anali atavulala mwendo mu Novembala. Osewera ambiri odalirika sanasewere nawo Orange Bowl, masewero apadera otsekera chaka, ndipo Georgia inatikwapula 63-3. Tinalowa m'chaka cha 2024 tili ndi mkwiyo wofuna kubwezera, ndipo munthu wamkwiyo wotere amameza ulosi uliwonse womukomera osautafuna n'komwe.

Ndiyambe ndi mndandanda wa bungwe la nkhani la Associated Press (AP), umene ambiri mumaudziwa. Unayamba mu 1936, ndipo wotuluka ligi isanayambe unayamba mu 1950. Atolankhani opitirira 60 amasanja matimu 25, timu yoyamba n'kupatsidwa mapointi 25, yotsiriza imodzi. Ubwino wake ndi wakuti ndi waulere komanso mavoti a mtolankhani aliyense amaikidwa poyera, kotero kuti mungathe kuona amene anaikweza timu yanu ndi amene anaitsitsa. Kuipa kwake n'kwakuti mu Ogasiti atolankhaniwo amakhala asanaonepo masewero ngakhale amodzi, ndipo amavotera dzina la sukulu ndi zimene akukumbukira za chaka chatha. Mu 2024 anaiika Florida State pa nambala 10, ndipo timuyo inamaliza itapambana masewero awiri okha n'kugonja khumi. Mu 2012 anaiika USC (University of Southern California) pa nambala 1, ndipo inamaliza itapambana masewero 7 n'kugonja 6, kunja kwa mndandanda. Auburn imene inatenga chikho cha 2010 inayambira pa nambala 22. Komabe sindingathe kuwada atolankhaniwa ndi mtima wonse, chifukwa mu Disembala 2023, pamene komiti inatitaya, iwo anatisunga pa nambala 4, pamwamba pa Alabama. Chimenecho sindinachiiwale, ndipo ndikuvomera kuti chimandifewetsa ndikamawaweruza.

Mndandanda wa aphunzitsi a matimu sindiuwerengera, chifukwa mphunzitsi amene amathera sabata yonse akukonzekera timu imodzi yokumana nayo Loweruka alibe nthawi yoonera matimu ena opitirira 130, ndipo nawonso anatiika pa nambala 10.

Palinso mavoti a atolankhani a ligi zosiyanasiyana, amene amatuluka mu Julaye. A ku ACC anasankha Florida State kuti ndiyo idzatenge ligi ya 2024. Chaka chomwecho a ku ligi ya Big 12 anaiika Arizona State pansi penipeni pa matimu 16, koma inatenga ligiyo itagonjetsa Iowa State 45-19, ndipo chaka chotsatira akuluakulu a Big 12 anasiya kuchititsa mavotiwo. Ngati eni ake anawasiya, sindiona chifukwa choti inu muwakumbatire.

Magazini osindikizidwa, monga a Phil Steele, Athlon ndi Lindy's, ndi amene ndinayambira nawo, ndipo ndimawalemekezabe. Ya Phil Steele, imene inayamba kutuluka mu 1995, ili ndi masamba opitirira 300 olembedwa timalemba ting'onoting'ono, ndipo mumapezamo mayina a osewera pamalo aliwonse, zaka zimene asewera, ndi zotsatira za zaka zingapo zapitazo. Kwa munthu amene akufuna kuphunzira mayina ndi kudziwa matimu amene saonekaoneka pa kanema, ndalama yake siipita pachabe. Vuto lake ndi nthawi. Magaziniwa amapita kosindikiza miyezi ingapo ligi isanayambe, pamene masiku ano osewera amasamuka ngati mbalame za m'munda wa mpunga. Transfer portal, kaundula wa osewera ofuna kusamukira kusukulu ina, inatsegulidwa mu 2018, ndipo kuyambira mu 2021 wosewera anayamba kuloledwa kusamukira kusukulu ina n'kuyamba kusewera nthawi yomweyo, komanso kulandira ndalama chifukwa cha dzina ndi kutchuka kwake. Zotsatira zake n'zakuti mbiri ya zaka zitatu zapitazo, imene kale inkanena zambiri, tsopano ikhoza kukhala mbiri ya anyamata amene onse anachoka. Muzigula magazini ngati buku la mayina, osati ngati mlosi.

Tsopano ndifike pa chimene chinandipweteka, chomwenso chandichititsa kulemba zonsezi. Pafupifupi timu yaikulu iliyonse ili ndi masamba a pa intaneti olipira, amene amati ali ndi atolankhani okhala pafupi ndi timu ndipo amakuuzani za m'kati zimene ena sakuzidziwa. Kumapeto kwa Julaye 2024 ndinalembetsa pa tsamba lina lotere, limene sinditchula dzina, chifukwa linkalengeza kuti mwezi woyamba ndi dola imodzi yokha. Kwa masabata anayi, m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndinkawerenga malipoti a zokonzekera za timu. Quarterback watsopano, DJ Uiagalelei, amene anachokera ku Oregon State atasewerapo ku Clemson, ankafotokozedwa ngati munthu amene wapeza kwawo. Otchinga kutsogolo ankatamandidwa chifukwa cha zaka zimene asewera. Zoti osewera khumi, kuphatikizapo Jared Verse, Braden Fiske, Keon Coleman ndi Trey Benson, anali atatengedwa ndi matimu a NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, zinkatchulidwa mongodutsa, ngati kuti anthu otere amapezeka pamsika tsiku lililonse.

Malipoti amenewa ndi amene anandilimbitsa mtima kugula tikiti ya ndege yopita ku Dublin, kumene timu yathu inkatsegulira ligi pa 24 Ogasiti pokumana ndi Georgia Tech m'bwalo la Aviva. Ndinafikira kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito mumzindawo, ndipo ndinamugulira tikiti nayenso kuti akaone mpira umene ndakhala ndikumuuza kwa zaka zambiri. Iye sankadziwa malamulo ake, koma chigawo chachitatu chili m'kati anandigwira pamkono n'kundifunsa kuti, "Achimwene, bwanji anyamata a Georgia Tech akungodutsa pakati pomwe, ngati palibe wowaletsa?" Munthu amene ankaonera koyamba anaona m'maola awiri chimene malipoti a masabata anayi sanandiuze. Nthawi itatsala pang'ono kutha zigoli zili 21-21, Georgia Tech inayenda ndi mpira pang'onopang'ono mpaka Aidan Birr anamenya field goal (chigoli cha mapointi atatu chomenya ndi mwendo) ya mayadi 44 wotchi ikufika pa ziro, ndipo tinagonja 24-21. Mbali yathu yonse inangoti zii, ndipo tinayenda wapansi mtunda wautali osalankhulana.

Masiku awiri pambuyo pake, ndili pabwalo la ndege, foni inalira kundidziwitsa kuti ku banki kwachoka madola opitirira 100. Mwezi wa dola imodzi uja unali utatha, ndipo tsambalo linali litandilembetsa lokha kwa chaka chathunthu. Mawu onena zimenezi analipo, koma anali m'timalemba totuwa pansi pa batani lolipirira, ndipo panalibe uthenga uliwonse wondichenjeza tsiku lisanafike. Kuti ndipeze posiyira ndinadutsa masamba angapo, lililonse likundichonderera kuti ndikhale, ndipo nditalemba kalata yopempha kuti andibwezere ndalama, anandiyankha kuti ndinavomera ndekha. Motero ndinakhala wolembetsa chaka chonsecho, ndikuwerenga anthu omwewo akufotokoza kugonja kwa 28-13 ndi Boston College pakhomo pathu, kwa 20-12 ndi Memphis, timu imene Norvell ankaphunzitsa kale, ndi kwa 52-3 ndi Notre Dame, kumene kunachotsetsa ntchito aphunzitsi atatu omuthandiza. Tinagonjetsa California ndi Charleston Southern basi.

Nditaugwira mtima ndinazindikira kuti vuto silinali ndalama zokha ayi. Atolankhani a masamba otere amaonera timu ikusewera yokhayokha pokonzekera, ndiye oponya mpira akachita bwino simungadziwe ngati iwo ndi amphamvu kapena otchinga ndi ofooka. Kuwonjezera apo, chilolezo cholowa m'bwalo la zokonzekera amachipeza kwa aphunzitsi omwewo amene akuyenera kuwadzudzula, ndipo malonda awo amayenda bwino ochemerera akakhala ndi chiyembekezo, chifukwa munthu wotaya mtima salembetsa mu Ogasiti. Sindikunena kuti amanama dala, koma chilichonse chowazungulira chimawakankhira kumbali imodzi. Chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ine ndinaluma ndi mano onse.

Maulosi owerengera pa kompyuta, monga SP+ ya Bill Connelly ndi FPI ya kanema wa zamasewero wa ESPN, ndi amene ndimayambira tsopano. SP+ ya ligi isanayambe imamangidwa pa zinthu zitatu zodziwika: kuchuluka kwa ntchito ya chaka chatha imene inagwiridwa ndi osewera amene akadalipo, luso la osewera amene timu yatenga m'zaka zaposachedwa kuphatikizapo osamuka, ndi mmene timu yachitira m'zaka zingapo zapitazo. Sindikunamizeni kuti inaona tsoka lathu likubwera, chifukwa nayonso inkaiwerengera Florida State ngati timu yabwino. Kusiyana kwake n'kwakuti imaonetsa pamene yaponda. Connelly amatulutsa padera mndandanda wa osewera obwerera, ndipo ndikanakhala kuti ndinauyang'ana mofatsa ndikanadzifunsa kuti ndani adzaponya, ndani adzagwira, ndani adzathamanga ndi mpira, popeza odalirika kwambiri amene ankachita zimenezo mu 2023 anali atapita. Imaperekanso mwayi wopambana pa masewero aliwonse m'malo mongolengeza wopambana, ndipo munthu akaona kuti timu yake ili ndi mwayi wa magawo 6 pa 10, amakumbukira kuti magawo anayi otsalawo nawonso amachitika. FPI ndimaiyang'ana kawirikawiri koma siindikhutiritsa kwenikweni, chifukwa sindimva bwino mmene imafikira pa manambala ake.

Chomaliza ndi nambala imene makampani obetcha amaika ya masewero amene timu ipambane pachaka. Ine sindibetcha ndipo sindikulimbikitsa aliyense kutero, koma kuyang'ana nambalayo n'kwaulere, ndipo oiikawo amataya ndalama zawo akalakwa, chinthu chimene sichichitikira mtolankhani kapena mphunzitsi wovota. Nawonso anagwa nafe mu 2024, popeza anatiika pa 9.5. Chimene ndimawakondera n'chakuti amasintha msanga: wosewera akavulala Lachiwiri, nambala imasuntha tsiku lomwelo, pamene magazini imakhala ikunenabe za mu Meyi.

Choncho mukandifunsa kuti mutani, yankho langa ndi ili. Yambani ndi SP+, makamaka mndandanda wa osewera obwerera, kenako muyerekeze ndi nambala ya obetcha, ndipo ziwirizi zikasiyana kwambiri mufufuze chifukwa chake. Gulani magazini imodzi ngati mukufuna kudziwa mayina. Werengani mndandanda wa AP kuti mudziwe zimene dziko likuganiza, chifukwa nambala imene timu yayambira imakhudza mmene anthu amaionera mpaka mu Okutobala, koma musagulire tikiti ya ndege pa mndandandawo. Masamba olipira a za m'kati sindingawavomereze kwa mnzanga aliyense, ndipo ndikudziwa kuti apa pakulankhulanso chakukhosi changa, popeza ena amawakonda chifukwa cha nkhani za achinyamata amene timu ikufuna kuwatenga. Ngati mwatsimikiza kulembetsa, werengani timalemba tapansi pa batani, ndipo musiye kulembetsako tsiku lomwelo limene mwalipira dola yanu, chifukwa kawirikawiri mwezi umene mwalipirawo amakusiyirani kuti muumalize.

Mu 2025 Florida State inayamba ili kunja kwa matimu 25 a AP, ndipo pa masewero oyamba inagonjetsa Alabama, imene inali pa nambala 8, ndi zigoli 31-17 ku Tallahassee. Usiku umenewo msuweni wanga anandiimbira kuchokera ku Dublin akukuwa kuti tabwerera, ndipo ine, ngakhale mtima unkafuna kukuwa naye, ndinamuuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, tidikire tione masewero oyenda. Kumapeto kwa Seputembala tinakagonja ku Virginia, ndipo chaka chinatha titapambana masewero 5 n'kugonja 7.