Kufomata, RAM kapena SSD: chimene chinathandiza laputopu yanga yochedwa kuyaka

Aphunzitsi anzanga kuno ku Dedza akhala akundifunsa chimene ndinachita kuti laputopu yanga, imene inkatenga mphindi 6 kuti iyambe kugwira ntchito, tsopano izikhala yokonzeka ndisanamalize n'komwe kukoka mpando. Ndinayesa njira zinayi, ndipo imodzi mwa izo inandidyera ndalama ndi mafayilo moti mpaka lero mtima umandiwawa ndikaikumbukira.

Njira yoyamba ndi yaulere, choncho aliyense ayambire pamenepa. Mukadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, pamatseguka Task Manager, ndipo pagawo la Startup mumaona mapulogalamu onse amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Ndinazimitsa amene sindiwafuna m'mawa, monga Teams, ndipo nthawi inachepa ndi mphindi imodzi yokha. Chimene ndinapindula kwambiri n'chakuti pagawo la Performance ndinaona hadi disiki, chipangizo chimene chimasunga mafayilo onse m'kompyuta, itaima pa 100% kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti tanthauzo lake sindinalimvetse tsiku limenelo.

Njira yachiwiri, imene anthu ambiri amathamangira, ndi kufomata, kutanthauza kufufuta za pa disiki n'kuikamo Windows mwatsopano. Ndinakwera minibasi pamsewu wa M1 kupita ku Lilongwe, kwa mkulu wina wokonza makompyuta amene mnzanga anandilozera. Iye sanaiyang'ane n'komwe mkati. Anangoti, "Aphunzitsi, amenewa ndi mavairasi basi, tiifomate ibwerere mwakale." Tinagwirizana mtengo, koma nditabwerera madzulo ndinapeza kuti mtengowo unali wa Windows yokha. Kusunga mafayilo anga kunali ndi mtengo wake, kubwezeretsa Office kunali ndi wake, ngakhalenso pulogalamu yoti pulinta ya kusukulu igwire ntchito anailipiritsa payokha. Ndinalipira chifukwa laputopu inali m'manja mwake ndipo kunja kunali kukuda.

Choipa kwambiri ndinachiona nditafika kunyumba. Mkuluyo anakopera za mu Documents ndi za pa Desktop zokha, pamene mayeso a Fomu 2 amene ndinakhala ndikulemba kwa milungu itatu anali mu Downloads, ndipo anapita osabwereranso. Ndinawalembanso usiku, zala zitauma ndi chisanu cha mwezi wa June. Kuwonjezera apo, Windows yatsopanoyo inayamba kukoka zosintha zake pa intaneti, ndipo bandulo imene ndinkayembekezera kuti indifikitsa kumapeto kwa mwezi inatha m'masiku awiri. Ndalama imeneyi palibe wokonza makompyuta amene amakuuzani pamene mukugwirizana mtengo. Patangotha milungu itatu, laputopu inayambiranso kuchedwa ngati kale.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Kufomata kumachotsa zimene zili pa disiki, koma disikiyo imakhala yomweyo. Hadi disiki ya m'malaputopu ambiri akale ili ndi mbale imene imazungulira maulendo 5,400 pa mphindi, ndiponso kamkono kamene kamayenda uku ndi uku kufunafuna mafayilo. Poyaka, Windows imafuna timafayilo tambirimbiri nthawi imodzi, ndipo kamkono kamodzi sikangakwanitse msanga. Kufomata kumathandizadi ngati vuto ndi vairasi, koma langa silinali limenelo.

Njira yachitatu inali kuwonjezera RAM, malo amene kompyuta imasungamo kwa kanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, kuchoka pa 4GB kufika pa 8GB. Zinathandiza ndikatsegula Word, Excel ndi masamba ambiri a pa intaneti nthawi imodzi, koma pa kuyaka kusintha kunali kochepa. Musanagule, onani ngati RAM yanu ndi ya mtundu wa DDR3 kapena DDR4, chifukwa ina silowa pamalo a inzake.

Chimene chinathetsa vuto ndi njira yachinayi, kuika SSD, chipangizo chosungira mafayilo cha mtundu watsopano. Mphwanga amene anaphunzira za makompyuta atamva za 100% ija anati, "Amalume, musatayenso ndalama kwina, vuto ndi disiki." Tinagula SSD ya 256GB ya mtundu wa SATA, ya mainchi 2.5, imene imalowa pomwe panali hadi disiki, ndipo iye anakopera zonse za pa disiki yakale osafomata chilichonse. SSD ilibe chozungulira mkati, imawerenga pafupifupi 500MB pa sekondi pamene hadi disiki ya laputopu imafika cha m'ma 100MB, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa pamenepa. Tsopano laputopu imayaka m'masekondi osakwana 30. Sindidanso nkhawa ikamagwedezeka m'chikwama ndikakwera kabaza pamsewu wa fumbi, chifukwa mulibe mbale yoti ikandike.

Zovuta zake zilipo. SSD inali yodula kuposa njira zina zonse, ndipo 256GB ndi yochepa poyerekeza ndi 500GB imene ndinali nayo, moti zithunzi ndi mavidiyo ndimasunga pa disiki yakale ija, imene tinaiika m'kabokosi kolumikiza pa USB. Malaputopu ena atsopano amafuna SSD ya mtundu wa M.2, choncho funsani kaye. Komanso SSD siisandutsa kompyuta yakale kukhala yoyenera Windows 11, imene imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, pamene Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025. Ngakhale zili choncho, ndalama zimene ndinawononga pa ulendo wa ku Lilongwe, kufomata ndi bandulo zikanatsala pang'ono kukwanira SSD yomweyi, ndipo mayeso a Fomu 2 aja ndikanakhala nawobe.