Benchi yolimba, filimu ya 1973: Lachisanu pa vidiyo ya madala ku Kawale

Mukatsika minibasi pa msika wa Kawale n'kulowa kanjira kodutsa kuseri kwa ogulitsa makala, pali kanyumba ka malata komwe Loweruka ndi Lamulungu anthu amathithikana kuonera mpira wa ku England. Ine za mpira wa azungu ndinazisiya kalekale, mtima wanga sulimba. Chomwe chinandiimitsa pamenepo mwezi wa June ndi chikatoni chomwe anakoleka pakhomo, cholembedwa ndi zilembo zokhota: LACHISANU ZAKALE, BRUCE LEE, 6 KOLOKO, K500. Pansi pake wina anawonjezera ndi bolopeni kuti, "ana a yunifolomu ayi."

Kuchokera tsiku limenelo ndangojomba kawiri kokha, konseko chifukwa cha maliro. Ndiye ndikamanena za malowa, sindikunena zongomva.

Eni ake ndi bambo wina wa imvi amene aliyense amangowatchula kuti madala. Ntchito yawo yakale inali yokonza mawailesi, ndipo zimaoneka: mawaya onse m'kanyumbamo ndi olumikiza ndi manja, omata ndi selotepi yakuda, koma palibe umene umathetheka. Muli mabenchi asanu ndi atatu, TV yaikulu yopachika pakhoma, chisipika chimodzi chonga cha pa ukwati, batire ya sola ndi inveta. Magetsi akathima filimu siima, amangozimitsa babu la pakhomo. Pa shelefu pali matepi akale okwana mwina makumi atatu, zikuto zake zitachita kuyera ndi dzuwa, koma amenewo ndi okongoletsa chabe. Deki inafa kale. Zonse amaonetsa kuchokera pa flashi.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti dziko lino linalibe wailesi ya kanema yakeyake mpaka mu 1999. Nthawi ya Kamuzu filimu iliyonse inkadutsa kaye m'manja mwa bungwe lounika zosangalatsa, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1968, ndipo anthu akayamba kupsompsonana mumangoona chithunzi chadumpha, mwadzidzidzi kwacha. Ife a ku Mchesi filimu tinaidziwira m'tinyumba ngati kameneka. Yanga yoyamba ndinaionera mu 1991, nditakhala pansi pa simenti, ndalama yake 50 tambala yomwe ndinapeza pogulitsa mabotolo. Tepi inali yotha, chithunzi chikugwa mvula, mwini wake akulimbana ndi kabatani kowongolera. Chingerezi sitinkamva. Koma nthawi zonse pankakhala mnyamata wina wamkulu amene anaionera kasanu, akumatiuza kuti, "Uyo ndiye bwana wa zigawenga, koma asafulumire, afa kumapeto."

Lachisanu loyamba lija ndinatenga mwana wanga wamwamuna wa zaka 14, amene maso ake amakhala pa foni ngati anamumatirirapo ndi ulimbo. Panjira anandifunsa kuti, "Adadi, anthu a m'filimu imeneyi si onse anamwalira?" Ndinangoti tiye.

Filimu yake inali Enter the Dragon. Madala ali ndi chizolowezi chomwe ndimachikonda kwambiri: asanayambe amaima kutsogolo n'kulankhula mphindi ziwiri, osapitirira. Tsiku limenelo anatiuza kuti Bruce Lee anamwalira ku Hong Kong pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32 zokha, filimuyi isanayambe n'kuonetsedwa komwe. "Ndiye mukamamuona akudumpha apa, dziwani kuti mwini wake sanaone anthu akumuombera m'manja," anatero, n'kudina rimoti.

Mphindi makumi awiri zoyambirira mwana wanga anali akungotembenuka pa benchi, kuyang'ana kudenga, kusisita thumba lomwe munali foni. Kenako inafika ndewu ya m'chipinda cha pansi pa nthaka, pomwe Bruce Lee amalanda timitengo tiwiri tolumikiza ndi tcheni n'kuyamba kutizunguza. Ife kale tinkapanga tathu ndi mpini wa tsache ndi waya, ndipo chipsera chili pachipumi pangachi ndi umboni. Nditacheuka ndinapeza mnyamata wawerama, zigongono pa maondo, kukamwa yasa. Pofika pa ndewu yomaliza ya m'chipinda cha magalasi, momwe munthu mmodzi amaoneka khumi, m'nyumba monse munali zii. Ngakhale amayi ogulitsa mtedza pakhomo anali atasuzumira, beseni lili m'manja.

Ndakhala ndikuganizira chomwe chimagwira anthu chonchi, poti si kuti mafilimu akalewa ali ndi nkhani zozama. Zambiri ndi za kubwezera basi: munandiphera mlongo wanga, ndikubwera. Chomwe ndaona n'chakuti wojambula wakale ankaima patali ndi kamera yake n'kuisiya iyang'ane. Umaona munthu yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mwendo ukunyamuka, ukufika pomwe ukupita, winayo n'kugwa. Diso limakhulupirira chifukwa laona lokha. Mafilimu ambiri a zibakera a masiku ano amadula chithunzi pafupipafupi ngati akuduladula anyezi: apa chibakera, apa nkhope, apa nsapato, kamera ikunjenjemera, kwinaku kuli mdima wa ndiweyani. Pa TV ya madala, filimu yatsopano ikalowa m'zochitika za usiku, chomwe umaona bwino ndi nkhope yako yomwe pagalasi. Ndipo mzinda wonse ukhoza kugumuka, nyumba zosanja zikugwa ngati zidina zosawotcha, koma m'nyumbamo palibe amene amagwira pamtima. Tonse timadziwa kuti ndi kompyuta. Palibe amene wapweteka.

Yerekezani ndi zomwe zinachitika tsiku la Police Story, ya Jackie Chan ya mu 1985. Chakumapeto, m'nyumba ya mashopu, iye amadumpha kuchokera pamwamba n'kugwira chitsulo chozengerezedwa ndi mababu, n'kutsetsereka nacho mpaka pansi, mababu akuphulika, moto uli thethethe, mpaka kukaswa magalasi. Filimuyo imabwereza kudumphako katatu kuchokera mbali zosiyana. Mayi wina kumbuyo kwanga anakuwa kuti, "Mayo ine, mwana wa eni ake!" Jackie Chan anapsadi m'manja pamenepo. Ndipo mayina akamakwera kumapeto amaonetsa zomwe zinalakwika pojambula, anthu akugwa molakwika, ena akuwanyamula. Palibe amene anadzuka pa benchi mpaka zonse zitatha. Tikutuluka mwana wanga anandikoka malaya.

"Ndiye anagwadi, adadi?"

"Anagwadi."

Anayenda chete mpaka pa chiwaya.

Chinanso n'chakuti mafilimu amenewa amaonereka pagulu. Sufunika kuti unaonerapo ena khumi ndi asanu am'mbuyo kuti udziwe kuti wovala chisoti chofiirayo ndi mwana wa ndani. Umboni wake unali tsiku lomwe madala anatiikira Charlie Chaplin, The Gold Rush ya mu 1925, yopanda mtundu, yopanda munthu wolankhula. Ndinkaganiza kuti anthu atuluka. Koma pamene njala inawapana Chaplin ndi mnzake m'kanyumba kawo ka m'chipale chofewa, Chaplin n'kuphika nsapato, n'kuipakula mwaulemu pa mbale, zingwe zake akuzikulunga pa foloko, misomali akuitsopa ngati mafupa a nkhuku, mnyamata wina wa kabaza anafuula kuti, "Januwale ameneyu!" Nyumba yonse inagwa ndi phwete. Agogo ena omwe anabwera ndi chidzukulu anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Filimu yoti yafika zaka 100, yojambulidwa ku America, koma njala ya mwezi umenewo tonse timaidziwa.

Tsopano zolakwika, poti zilipo ndithu.

6 koloko ya madala ndi mphindi 20 isanakwane 7 koloko. Amadikira kuti mabenchi adzaze kaye. Mabenchiwo ndi matabwa a paini osapala bwino, ndipo filimu ikapitirira maola awiri msana umayamba kukufunsa mafunso. Utsi wa pa chiwaya cha pafupi umalowera pa mpata wa pansi pa malata. Chisipika chija chimalira bwino pa mawu a anthu, koma mfuti ikalira chimachita ngati chang'ambika. Tsiku lina tikuonera First Blood ya mu 1982, filimu inangouma Rambo ali pakati polira pamaso pa mkulu wake wa usilikali. Flashi inali ndi vuto. Madala anayesa katatu, kenako anaima kutsogolo n'kutifotokozera okha mathero ake, manja akuthandizira. Ndalama sanabweze, koma sabata yotsatira onse amene tinalipo tinalowa ulere, ndipo nkhope zathu anazikumbukira popanda kulemba paliponse.

Chomwe chinandipweteka zenizeni ndi tsiku la makauboyi. Anaika The Good, the Bad and the Ugly ya mu 1966, koma inali ija yomasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni. Ndisanamizire, ine omasulirawa ndimawalemekeza. Atsegulira anthu ambiri chitseko, ndipo apongozi anga aakazi mafilimu a Chimwenye amawatsata bwinobwino chifukwa cha iwowa. Koma filimu iyi ndiwo yake ndi kukhala chete. Imatha pafupifupi mphindi khumi zoyambirira popanda munthu kutsegula pakamwa. Kumapeto, amuna atatu, Clint Eastwood, Lee Van Cleef ndi Eli Wallach, amaima pakati pa manda, malo omwe anachita kumanga ku Spain chifukwa cha filimuyi, n'kumangoyang'anana. Kamera imapita pa maso, pa dzanja, pa mfuti, pa maso kachiwiri, nyimbo ya Ennio Morricone ikukwera pang'onopang'ono mpaka mtima kufika pakhosi. Ndiye pamenepo womasulira ali pakamwa mbwembwembwe, "Eee, apa zavuta, achimwene a fodyawa akuganiza za ngongole," kenako n'kuyamba kupereka moni kwa anzake a ku Biwi. Anthu anaseka, inde. Ine ndinamva ngati munthu wathira shuga mu nsima.

Titatuluka ndinawauza madala. Anandiyankha kuti, "Bwana, mukachotsa Chichewa theka la anthuwa sabweranso." Sindinatsutse, geni ndi yawo. Koma Lachisanu lotsatira, filimu ya tsikulo itatha, anati amene akufuna atsale, n'kutiikira mphindi za kumanda zija zopanda womasulira. Tinatsala anthu asanu ndi anayi. Mfuti italira, bambo wina pafupi nane anatulutsa mpweya ngati wangotula thumba la chimanga.

Pena madala amakonda kunena kuti zonse zakale zinali zabwino. Apo ndiye timasiyana. Zinyalala zinaliponso zambiri, mfuti zosatha zipolopolo, munthu mmodzi kupha gulu lonse la asilikali tsitsi lake osasokonekera. Zomwe tikuonera lerozi ndi zomwe zinatsala m'lichero, madeya anauluka kalekale. Zina zomwe tinkaseka tili ana pano zimandikhala pakhosi. The Gods Must Be Crazy ya mu 1980, ija ya botolo la Coca-Cola logwa kumwamba, inapangidwa ndi a ku South Africa nthawi ya tsankho, ndipo mmene wofotokoza wake amanenera za anthu a ku Kalahari, ngati akunena za ana osadziwa kanthu, sizinandikomere ulendo uno, ngakhale kuti pa Land Rover yopanda mabuleki ija ndinasekabe. Komanso zatsopano zogwira mtima zilipo. Mad Max: Fury Road ya mu 2015 anaijambula m'chipululu cha ku Namibia ndi magalimoto enieni akugubuduzika mumchenga, ndipo imakugwira ngati zakale zija. The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, ya nkhani ya William Kamkwamba, anaijambulira ku Kasungu konkuno, ndipo ngakhale Chichewa cha ena mwa osewerawo chimachita kupunduka, pomwe madzi amatuluka m'paipi ine ndinayang'ana kumbali. Ndawapempha madala kuti tsiku lina adzatiikire za kwathu, monga za a Shemu Joyah. Akuti aziganizira, koma anayankha akuyang'ana mawaya.

Kwa amene akufuna kupitako: tengani chitenje chopinda kanayi kapena katsamiro. Khalani benchi yachitatu chakumanzere, kutali ndi chisipika. Bwerani ndi K500 yeniyeni chifukwa tchenji chimavuta. Mwezi wa October ndi November malata aja amasunga kutentha mpaka usiku, ndiye botolo la madzi musaiwale. Mowa salola, ndipo woyankha foni mkati amatulutsidwa ndi anthu omwe, madala asanayankhule n'komwe.

Chikatoni cha sabata ino chalembedwa kuti Disco Dancer, ya Chimwenye ya mu 1982, akuti amayi a pamsika ndiwo aumirira. Mwana wanga wati apita, bola ndisauze anzake a kusukulu. Dzulo madzulo mayi ake amafunafuna tsache la m'nyumba, n'kulipeza kuseri kwa bafa lilibe mpini. Mnyamatayo analowa mochedwa, chipewa atachikokera mpaka m'maso, ndipo pa nthawi ya nsima anakana kuchivula.