Masters ya zofalitsa uthenga ku Unisa: yabwino kwa amene ali kale ndi funso lofufuza

Atolankhani ndi alangizi a zofalitsa nkhani m'mabungwe amene akufuna digiri yachiwiri koma sangathe kusiya ntchito amatchula kawirikawiri University of South Africa (Unisa), sukulu ya ku Pretoria yomwe yakhala ikuphunzitsa anthu ali kwawo kuyambira mu 1946. Masters ya Communication Science kumeneko ndi yolemekezeka, koma zofunika kuti munthu aipeze n'zolemera kuposa mmene ambiri amaganizira.

Chipata choyamba ndi digiri ya honours kapena ina yofanana nayo, yomwe ku South Africa ili pa mulingo wa NQF 8 (NQF ndi ndondomeko ya dzikolo yosanjira milingo ya maphunziro), ndipo malikisi ake asachepere 60 peresenti. Amene anaphunzira kunja kwa dzikolo, kuphatikizapo ife a ku Malawi, ayenera kutumiza masatifiketi awo ku SAQA, bungwe la ku South Africa loona za milingo ya maphunziro, kuti liweruze mulingo wake. Ngati SAQA yaika digiri yanu pa NQF 7, mudzayenera kuyamba mwaphunzira honours kapena ina yofanana nayo, choncho ndi nzeru kuyamba ndi SAQA musanalipire china chilichonse. Kukwanitsa malikisi sikutanthauzanso kuti malo mwapeza, chifukwa dipatimenti imayang'ana chidule cha kafukufuku amene mukufuna kuchita ndiponso ngati pali mphunzitsi woti akuyang'anireni pa mutu umenewo.

Apa ndi pamene pagona ubwino ndi kuvuta kwa maphunzirowa. Palibe kalasi yokhalamo, palibe mnzanu wokukumbutsani kuti tsiku lopereka ntchito layandikira. Mumayamba ndi kulemba pulopozo, yofotokoza zimene mufufuze ndi mmene mufufuzire, ndipo ikavomerezedwa mpamene mumalowa m'kafukufuku weniweni, yemwe amathera m'buku limodzi lalikulu la makirediti 180 pa mulingo wa NQF 9, loyesedwa ndi akatswiri ena a kunja kwa sukuluyo. Munthu amene wagwira ntchito pa wailesi ya m'dera n'kumadzifunsa chifukwa chimene amayi amaimba foni pang'ono pa mapulogalamu a zaulimi, kapena amene waona mphekesera za katemera zikuyenda m'magulu a WhatsApp, ali ndi poyambira ndipo dongosololi limukomera kwambiri. Koma amene akungofuna pepala loti amukweze pantchito, osadziwa chimene akufuna kufufuza, adzatha chaka chathunthu akusinthasintha mutu, uku fizi akulipira.

Musanafunse munthu aliyense funso, chilolezo cha komiti ya ku Unisa yoona za ufulu wa ofunsidwa n'chofunika. Ngati ofunsidwawo ali kuno kwathu, muyembekezerenso kupempha chilolezo ku komiti ya kafukufuku wa zachikhalidwe ya National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, ndipo nthawi yodikira zilolezo ziwirizi iyenera kuwerengeredwa pa ndondomeko yanu kuyambira pachiyambi.

Chimene ndimayamikira kwambiri ndi laibulale ya pa intaneti, yomwe imatsegulira wophunzira wa ku Mzuzu kapena ku Nsanje magazini a kafukufuku omwewo amene akuwerenga wa ku Pretoria, malinga akhale ndi bandulo ndi magetsi. Makalata onse a sukulu amadzera pa myUnisa, tsamba la ophunzira la pa intaneti, ndi imelo ya ophunzira ya myLife, ndiye wosazitsegula kawirikawiri amaphonya zambiri.

Za ndalama sindinganene kuti n'zopepuka. Fizi imalipidwa m'marandi chaka ndi chaka, ophunzira okhala kunja kwa South Africa amawonjezera ndalama ina yapadera, ndipo chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuchedwa chaka chimodzi kumapweteka thumba. Ndingalangize maphunzirowa kwa munthu wodziletsa, wozolowera kulemba, amene bwana wake angamupatse masabata angapo okafunsa anthu kumudzi. Amene amaphunzira bwino pokambirana ndi anzake maso ndi maso ayambe wafunsa ku MUBAS ku Blantyre kapena ku University of Malawi ku Zomba.