Kakiliniki aka kandisangalatsa pa nkhani ya katemera

Amene mukumwa mankhwala a nyamakazi ngati methotrexate, kapena a lupus (matenda omwe chitetezo cha mthupi chimalimbana ndi thupi la mwini wake), pali kakiliniki kena kapulaiveti kufupi ndi msika waukulu wa Zomba, aka ndakagomera. Ndinaperekeza mayi anga kukabayitsa katemera wa Covid, nesi asanatulutse n'komwe jakisoni anayamba wafunsa kuti amayi mukumwa mankhwala anji, atamva anaitana adokotala. Iwo anafotokoza bwinobwino kuti mankhwalawa amafooketsa dala chitetezo cha mthupi kuti chisamalimbane ndi mfundo za mwini wake, ndiye katemera sagwira mwamphamvu ngati kwa anthu ena, moti nthawi zina amakuuza udumphe methotrexate masabata 2 ukangobayitsa bola nyamakaziyo ili phee, koma osati kusiya wekha ayi. Mankhwala ena otchedwa rituximab ndiye amafooketsa chitetezo kwambiri, katemera amadikira mpaka miyezi 6 chilandirireni mankhwalawo. Katemera wa matenda a yellow fever uja amafunsa ena popita kunja adokotala anati amayi asayerekeze, chifukwa kachilombo ka m'katemerayo kamakhala kamoyo.

Chondibowa ndi mzere basi, benchi imodzi anthu mbwee ena chiimirire pakhonde, ya konsoteshoni nayo yowawa. Muzilawirira m'mawa, mutenge ndi mapaketi a mankhwala anu, amafuna kuona okha.